Kompyuta ya magemu m'chipinda cha lendi: ndalama ziikidwe pati?

Mnzanga wina amene tinkagwira naye shifiti ya usiku kunyumba yosamalira okalamba kuno ku Leeds anandiitana Loweruka lina kuti ndikaone kompyuta imene anali atangomanga yekha. Bokosi lagalasi, mafani 6 akusinthasintha mitundu, mkati mukuwala ngati holo ya ukwati. Titayatsa gemu, zithunzi zinangoyamba kudukizadukiza. Ndalama za miyezi itatu ya ovataimu zinali zitathera pa zowala, ndipo graphics card, imene ndiyo imajambula zonse zooneka pa sikirini, anagula yotsika kwambiri ndi zotsalira. Sindinamuseke, chifukwa nanenso poyamba ndinkaganiza kuti chokongola ndicho champhamvu.

Musanatsegule tsamba la sitolo iliyonse, dzifunseni kuti mudzasewera gemu yanji, pa sikirini yotani. Ambirife ndife a mpira: EA Sports FC, imene mpaka lero timaitchulabe FIFA ngakhale dzina linasintha mu 2023. Imeneyi, Fortnite, Valorant ndi GTA V sizifuna kompyuta ya mtengo wa puloti ku Area 49. Kunena zoona, ngati cholinga ndi mpira wokhawokha, gulani PlayStation 5 mupume. Kompyuta imapindula kwa munthu amene akufunanso kulemberapo za kusukulu, kukonza mavidiyo a tchalitchi kapena a ukwati, kuphunzira za mapulogalamu, kapena kusewera magemu olemera ngati Cyberpunk 2077.

Tiyambe ndi graphics card, chifukwa apa ndi pamene pagona nkhani. Ine ndimati pa ndalama 10 zilizonse za bokosi lonse, 4 zipite pamenepa. Opanga ake enieni ndi atatu: Nvidia, AMD ndi Intel. Mayina ena amene mudzaone, monga Asus, MSI, Gigabyte kapena Sapphire, ndi makampani amene amatenga chipangizo chomwecho n'kuchiveka mafani awo, choncho musalipire zambiri chifukwa cha chovalacho. Pa sikirini wamba ya 1080p (nambalayi ikamakula, timadontho topanga chithunzi timachuluka ndipo khadi imagwira ntchito yambiri), RTX 5060, RX 9060 XT kapena Intel Arc B580 zikukwanira. Pa 1440p mukwere kufika pa RTX 5070 kapena RX 9070. Koma yang'anitsitsani kuchuluka kwa memore ya pa khadiyo. Magemu atsopano ayamba kupanikizika pa 8GB, ndipo msampha wake ndi wakuti RTX 5060 Ti ndi RX 9060 XT zimagulitsidwa pamitundu iwiri, ya 8GB ndi ya 16GB, dzina lili limodzimodzi. Mukaona mtengo wotsika modabwitsa, werengani kawiri, nthawi zambiri ndi ya 8GB. Ngati kusiyana kwake mungakukwanitse, tengani ya 16GB, idzakukhalitsani zaka zambiri. B580 ya Intel ili ndi 12GB pamtengo wotsika, koma imafuna purosesa (ubongo wa kompyuta) yosakalamba kwambiri kuti ithamange bwino.

Purosesa ndi motherboard, bolodi imene zipangizo zonse zimalumikizidwapo, muzizisankhira limodzi, chifukwa purosesa iliyonse ili ndi soketi yake, malo amene imakhazikika pa bolodipo, ndipo siilowa pena. AMD ili ndi AM4, imene inayamba mu 2016, ndi AM5 ya mu 2022. Ryzen 5 5600 pa bolodi ya B550 ndi njira ya munthu wa thumba lopyapyala, ndipo imagwirabe ntchito bwino, kungoti msewu wake wafika kumapeto. Ryzen 5 7600 kapena 9600X pa B650 kapena B850 ndi imene ndimalangiza ambiri, popeza AMD inalonjeza kuti soketi ya AM5 ipitirira mpaka 2027 kapena kupitirira apo, ndiye m'tsogolo mudzangosintha purosesa yokha. Zokhala ndi X3D kumapeto, monga 7800X3D, ndi zothamanga kwambiri pa magemu, koma kuiphatikiza ndi graphics card yotsika kuli ngati kuika injini ya lole pa kabaza. Ku Intel, Core i5-12400F ndi yotchipa ndi yodalirika. Chilembo F chikutanthauza kuti payokha siitulutsa zithunzi, choncho popanda graphics card sikirini idzangokhala bii. Mapurosesa akuluakulu a Intel a m'badwo wa 13 ndi 14 anali ndi vuto lodziwika mu 2024, ena ankawonongeka pang'onopang'ono chifukwa cha mphamvu ya magetsi yopitirira. Kampaniyo inatulutsa chokonzera kudzera mu BIOS, kapulogalamu ka mu motherboard koyambitsa kompyuta, komabe ine sindingagule yoteroyo kwa munthu amene anaigwiritsapo kale ntchito.

Pa motherboard musatayepo ndalama, siiwonjezera liwiro la gemu. Chimodzi chokha: ngati mukukhala m'nyumba yogawana ndi anthu ena, rauta ili kukhitchini inu muli chipinda cham'mwamba, gulani yokhala ndi WiFi kale. Koma ngati mwininyumba angalole kudutsitsa waya, wayayo ndi wabwino kuposa WiFi iliyonse pa magemu a pa intaneti.

RAM, memore imene kompyuta imasungamo zimene ikugwira panthawiyo, ikhale 16GB poyambira, 32GB ngati thumba lilola, ndipo ikhale timitengo tiwiri osati kamodzi, chifukwa tiwiri timagwira ntchito mothandizana. AM5 imalandira RAM ya mtundu wa DDR5 yokha, AM4 DDR4 yokha. Kuyambira kumapeto kwa 2025 mitengo ya RAM inakwera koopsa chifukwa makampani a AI akukokolola zochuluka, ndiye ngati muli kale ndi DDR4 yabwino, kukhalabe pa AM4 si manyazi. Mukamaliza kumanga, lowani mu BIOS muyatse XMP kapena EXPO. Mukapanda kutero RAM imayenda pa liwiro lotsika kuposa limene munalipirira. Posungira zinthu, SSD ya mtundu wa NVMe ya 1TB. Ya 500GB imadzadza msanga, Call of Duty yokha imatha kudya kupitirira 100GB.

Tsopano power supply, kabokosi kogawira magetsi ku zipangizo zonse, kamene palibe amakajambula chithunzi. Apa ndi pamene anthu amadulapo kuti ndalama zikwanire, ndipo ndi pamene sipayenera kudulidwa, chifukwa kakapsa kamatha kupita ndi anzake onse. Pa kompyuta yapakatikati mawati 650 mpaka 750 ndi okwanira. Gulani ya kampani yodziwika monga Seasonic, Corsair kapena be quiet!, yokhala ndi waranti ya zaka zambiri. Chizindikiro cha 80 Plus chimangonena za kusawononga magetsi, sichitsimikiza kuti chipangizocho n'cholimba, choncho werenganinso zimene oyesa zipangizo analembapo.

Kwa ife oyendayenda pali nkhani ina. Kwathu magetsi ndi a mavoti 230, chimodzimodzi ku Britain ndi ku South Africa, pamene ku America ndi ku Canada ndi 120. Ma power supply ambiri amakono amalandira zonse, ndipo pachikwangwani chake amalemba 100-240V. Koma ilipo ina yotchipa yolembedwa 200-240V, imene siingagwire ntchito ku America, komanso yakalekale yokhala ndi kaswitchi kofiira kumbuyo, imene mukaiiwala pa 115 n'kuilumikiza ku Lilongwe mudzangomva phuu. Monitor nayo muione pachikwangwani. Za pulagi musade nkhawa: waya wochokera kukhoma ndi wonga wa ketulo, mumangosintha, ndipo amene muli ku Britain mwapata mwayi chifukwa pulagi ya mano atatu ija ndi yomweyo ya kwathu. Mawaya amene simuyenera kusinthanitsa ndi a mkati aja, ochoka ku power supply kupita ku zipangizo. Amaoneka ofanana koma kampani iliyonse imawalumikiza mwake, ndipo waya wobwereka watha kale ma SSD a anthu.

Abale a ku Joni mukudziwa kale za kuthimathima kwa magetsi, ndipo kwathu nkhani ndi yomweyo. Choopsa si kuthima kokha ayi, koma mmene magetsi amabwerera. UPS, batire yoika pakati pa khoma ndi kompyuta, imakupatsani mphindi zochepa zoti muzimitse kompyuta mwadongosolo. Sankhani yolembedwa kuti pure sine wave, chifukwa ma power supply amakono ena amakana zotchipa zija. Ndi yolemera, choncho muigulire kumene mudzaigwiritse ntchito.

Bokosi lisankhidwe poganizira moyo umene tikukhala. Ine ndasamuka zipinda kanayi m'zaka zisanu, ndipo bokosi lalikulu la magalasi mbali ziwiri ndi chilango pa masitepe opanikiza a nyumba za kuno. Motherboard ya micro-ATX ndi bokosi lake ndi zapakatikati: zotchipa, zonyamulika, ndipo zonse zofunika zimalowa. Mini-ITX ndi yaing'ono zedi koma ndi yodula komanso yovuta kwa woyamba kumene. Kutsogolo kwa bokosi kukhale kwa mabowo olowetsa mpweya, ndi sefa yochotseka ya fumbi. Amene anakhalapo ku Mchinji kapena ku Chikwawa mu Okutobala akudziwa chifukwa chake. Yezaninso kutalika kwa graphics card, ena ndi aatali moti bokosi silitsekeka.

Kuti musagule zinthu zosagwirizana, ikani zonse pa tsamba la PCPartPicker. Ndi laulere, limachenjeza ngati soketi kapena RAM zasemphana, ndipo limaonetsa mitengo ya m'dziko limene muli. Ku Britain ambiri timagula ku Scan, Overclockers UK kapena Amazon; ku South Africa kuli Wootware ndi Evetech; ku America kuli Micro Center ndi Newegg, koma kumbukirani kuti kumeneko mtengo wolembedwa ulibe msonkho, umawonjezedwa polipira. Ku Britain, chimene mwagula pa intaneti kwa wamalonda muli ndi masiku 14 oti musinthe maganizo n'kubweza. Pachifukwa chimenechi musamagule chimodzichimodzi mwezi uliwonse ngati njerwa za nyumba. Sungani ndalama, gulani zonse sabata imodzi, mumange nthawi yomweyo, kuti chikapezeka chakufa mubweze nthawi isanathe. Ndipo zolipira pang'onopang'ono zija zimene sitolo iliyonse ikukankhira pamaso, ndi ngongole basi. Mwezi umene kumudzi kudzabwere uthenga wa fizi kapena wa matenda, izo sizidzamva.

Kaunjika aliponso pa zipangizozi, ndipo sindimunyoza. Purosesa, RAM, bokosi ndi monitor mutha kugula zogwiritsidwapo kale pa eBay, ku CeX kapena pa Facebook Marketplace. Graphics card muigule pokhapokha mwaiona ikusewera gemu kwa mphindi zingapo, kapena mwalipira m'njira imene ingakubwezereni ndalama. Munthu akakuuzani kuti tumizani kaye ndalama ku banki kuti ndikusungireni, m'siyeni. Power supply ndi SSD gulani zatsopano, chifukwa kutha kwake sikuoneka ndi maso.

Tsiku lobwerera nayo kwathu, kaya pa ndege kaya pa basi yodutsa ku Beitbridge, Nyamapanda ndi Mwanza, musainyamule yathunthu. Graphics card imangogwiridwa ndi kamzere kamodzi ndi zomangira ziwiri, ndipo mabampu amatha kuithyola pamodzi ndi motherboard. Ichotseni, muikulunge m'kathumba kamene inabweramo, muinyamule m'chikwama cha m'manja pamodzi ndi SSD. Chozizitsira purosesa chikakhala chachikulu, nachonso chichoke. Pa ndege, pamene chikwama chimodzi nthawi zambiri chimathera pa makilogalamu 23, ena amasiya bokosilo n'kunyamula zamkati zokha. Choncho makatoni ndi malisiti musataye, ngakhale chipinda chichepe bwanji: malisitiwo ndi amene mudzaonetse a MRA pachipata, ndipo ndi bwino kuwafunsiratu za msonkho ulendo usanafike. Dziwaninso kuti waranti nthawi zambiri imagwira m'dziko limene munagulira, ndiye kompyuta yogulira mng'ono wanu iyambe yagwira ntchito kwa inu milungu ingapo isanakwere ndege.

Mnzanga uja anagulitsa khadi yake yoyamba n'kugula ina yabwinopo. Usiku womwewo anandiimbira atakwiya kuti yatsopanoyo ndi yonyenga, gemu ikuyenda moipa kuposa kale. Ndinamupempha kuti ajambule kumbuyo kwa bokosi. Waya wa monitor anali ataulowetsa pamwamba, pa motherboard, m'malo mwa pansi pamene pali mabowo a graphics card.