Maluwa omera pa mitu ngati anyezi: osankha kuti aphuke m'chilimwe kuno ku Tete

Zithunzi za ma tulip ndi ma daffodil zimakopa mtima, koma musataye ndalama zanu. Mitu ya maluwa amenewa imafuna kugona m'nthaka yozizira kwambiri kwa masabata 12 mpaka 16, pansi pa madigiri 9, isanaganize zotulutsa duwa. Ngakhale ku Tsangano, kumene Juni ndi Julaye amagwedeza mano, masana dzuwa limafunditsa nthaka ndipo kuzizira kotero sikukhalitsa. Mukabzala, mudzaona masamba okhaokha, kapena mutuwo kuwola osamera. Kwathu kuno duwa silidzutsidwa ndi kutha kwa chisanu ayi, limadzutsidwa ndi madzi pambuyo pa nthawi youma. Ndiye posankha, yambani mwafunsa kuti munda wanu uli kumtunda kapena kuchigwa, komanso madzi othirira muli nawo ochuluka bwanji.

Duwa loyamba kulilingalira ndi amaryllis, uja wa maluwa akuluakulu ngati malipenga, ofiira kapena a mizeremizere yoyera. Kwawo ndi ku South America, koma amakula bwino kuyambira ku Ulongue mpaka ku Moatize. Bzalani mu Ogasiti kapena Seputembala, mutu wake utuluke kunja gawo limodzi mwa magawo atatu. Mukaukwirira wonse, madzi amalowa pakhosi n'kuuwoletsa. Pakati pa mitu siyani masentimita 25 kapena 30. Thirirani kamodzi, kenako dikirani mpaka mphukira ioneke, ndipo pakatha masabata 6 mpaka 8 duwa layamba. Kuchigwa cha Zambezi, kumene Okutobala amapyola madigiri 40, muubzale pamene dzuwa limafika m'mawa wokha, mwina kuseri kwa nyumba kapena pansi pa mtengo wa masamba apatalipatali. Cholakwa chofala n'kupitiriza kuthirira chaka chonse. Kuyambira Meyi lekani madzi, masamba afote okha, mutu upume miyezi itatu. Ukapanda kupuma sudzaphuka.

Kwa amene alibe nthawi yothirira, pali timaluwa ting'onoting'ono totchedwa zephyranthes, toyera kapena tapinki. Timitu take n'tochepa ngati adyo. Tikwirireni masentimita 3 okha, motalikirana masentimita 8, m'mphepete mwa njira. Chizimalupsa chikangogwa, patapita masiku ochepa pabwalo pamadzaza maluwa. Timaswana msanga, moti pakapita zaka ziwiri mumagawirako anansi.

Pamthunzi, pansi pa mango kapena mtengo wina waukulu, ikani scadoxus, duwa lathu lomwe la kutchire lija lofiira lozungulira ngati mpira, lomwe limatuluka mvula yoyamba ikayandikira, masamba asanakule. Mutu wake ukhale pansi pang'ono chabe, m'dothi losakaniza ndi masamba owolerana, ndipo mukaubzala muusiye pomwepo zaka zingapo chifukwa sukonda kusunthidwasunthidwa. Pamalo ponyowa pafupi ndi dimba, crinum ndiye woyenera, koma mpatseni malo okwanira masentimita 60 chifukwa mutu wake umakula kwambiri.

Freesia, wa fungo lokoma uja wochokera ku Cape ku South Africa, ndi wa anthu a kumtunda okha, monga Angónia, Tsangano ndi Furancungo. Iyeyu amachita zosiyana ndi anzake: amabzalidwa mu Epulo kapena Meyi, masentimita 5 pansi, amathiriridwa nyengo yonse yozizira, n'kuphuka mu Ogasiti ndi Seputembala. Masamba akauma, fukulani timituto musunge pouma mvula isanayambe, apo ayi dzinja lidzatiwoletsa.

Pogula kapena polandira kwa mnzanu, finyani mutuwo. Ukhale wolimba ndi wolemera m'dzanja. Wofewa pansi pamene pamatuluka mizu, wa nkhungu, kapena wa kabowo, usiyeni. Mutu waukulu ndiwo uphuka chaka chomwecho. Tiana tophukira pambali timadikira zaka ziwiri kapena zitatu.

Dothi ndiye nkhani yaikulu. Mitu yambiri imafa ndi madzi odikha osati ludzu. Kwezani bedi masentimita 15 kapena 20, musakanize zidebe ziwiri za dothi, chimodzi cha mchenga wa kumtsinje ndi chimodzi cha manyowa owolerana bwino. Ndowe zaziwisi zimatentha mizu ndi kuitana chiswe. Urea musamuchulutse, amangonenepetsa masamba. Phulusa la nkhuni lodzaza dzanja pa sikweya mita imodzi limathandiza kwambiri maluwa. Dothi lakuda lomata lija la kudambo ngati simungathe kulikonza, bzalani m'miphika yoboola pansi.

Adani ndi awiri. Mfuko amadya mitu chapansipansi, makamaka ya freesia, ndiye kumene wavuta yalani waya wa timabowo ting'onoting'ono m'dzenje musanabzale. Winayo ndi mbozi yakuda ya timizere tachikasu yomwe imaboola tsamba la amaryllis ndi crinum n'kutsika mpaka kumutu. M'dzinja yang'anani kuseri kwa masamba kawiri pa sabata, muphwanye mazira ake, ndipo tsamba loonekera m'kati mudule n'kulitentha mboziyo isanatsike.

Maluwa akafota dulani phesi lokha, masamba muwasiye mpaka achite chikasu, chifukwa ndiwo akudzaza chakudya cha duwa la chaka chamawa. Ndipo mitu yomwe mwafukula musaisunge kukhitchini kapena pafupi ndi dengu la anyezi. Ya amaryllis, zephyranthes, crinum ndi scadoxus ili ndi poizoni, ndipo mwana wotumidwa kukatenga anyezi madzulo sangaisiyanitse. Ikani m'thumba la pepala lolembedwa dzina, mupachike pamwamba pamene ana ndi mbuzi sangafike.