Momwe mungamangire body kit pa galimoto yanu ya drift

Achinyamata ambiri muno mu Lusaka akagula Toyota Altezza kapena BMW E36 yoti azichitira drift (masewera oyendetsa galimoto pabwalo ikutsetsereka cham'mbali), chinthu choyamba chimene amachilakalaka ndi body kit, kutanthauza mabampala atsopano, zidutswa za m'mbali ndi madigadi otambalala. Chimene chimandipweteka mtima ndi kuona munthu atalandira katunduyu, mwina atamudikira kwa miyezi iwiri kuchokera kudoko la Dar es Salaam, n'kuthamangira naye kwa wopenta tsiku lomwelo. Penti ndi ntchito yomalizira, ndipo amene wayamba nayo amalipira kawiri.

Musanagwire sipanala, dziwani kuti zidutswa zanu zinapangidwa ndi chiyani. Zambiri zotsika mtengo ndi za fibreglass, zomwe ndi zopepuka koma zimasweka zikagunda, ngakhale kuti kuzimata n'kosavuta. Za polyurethane zimapindika popanda kusweka, ndipo mukaziotha pang'ono ndi heat gun (chipangizo chotulutsa mpweya wotentha) zimalola kuwongoledwa. Fibreglass siimvera kutentha mwanjira imeneyo. Imafuna kupalidwa kapena kuwonjezeredwa.

Imikani galimoto pamalo osalala, ikwezeni ndi jeke ndipo muikhazike pa ma stand olimba, osati pa njerwa. Chotsani bampala yakale mosamala, musunge mabawuti ndi timapini tonse m'chitini, chifukwa tina mudzatifunanso.

Tsopano pakubwera ntchito yeniyeni, yomwe ndi kuyesa chidutswa chilichonse chisanapentedwe. Chigwirizeni pa galimoto ndi tepi kapena ma clamp, kenako bwererani m'mbuyo masitepe angapo muone ngati mipata ya kumanzere ikufanana ndi ya kumanja, makamaka pansi pa nyali ndi m'mphepete mwa boneti. Musadabwe chikakana kukhala bwino, pakuti zidutswa za fibreglass sizituluka m'chikombole zili ndendende, ndiponso galimoto imene yayenda zaka zoposa 20, monga Altezza yomwe anasiya kuipanga mu 2005, thupi lake limakhala litapotoka pena ndi pena. Lembani ndi cholembera pamene pakukhudza, chotsani chidutswacho, palani pang'ono ndi sandipepa ya 80, kenako yesaninso. Mukhoza kubwereza kasanu kapena kupitirira, ndipo zimenezo si kulephera ayi. Valani chophimba pamphuno ndi magalasi, chifukwa fumbi la fibreglass limayabwa pakhungu ndipo limawononga mapapo.

Chikakhala bwino, boolani timabowo ta mamilimita 3 poyamba, kuyambira pakati kupita kumapeto, kenako mukulitse. Pa madigadi gwiritsani ntchito ma rivet kapena ma rivnut (manati okhomerera pabowo ngati rivet). Bampala yakutsogolo ambiri amaimanga ndi ma cable tie kapena zomangira zomasuka msanga, ndipo nzeru imeneyi ndimaivomereza, chifukwa galimoto ikagunda ndi bwino bampala iyoyoke yathunthu kusiyana n'kuti ing'ambike pamodzi ndi madigadi.

Madigadi otambalala akumbuyo amafuna mtima wodekha. Kuti tayala lisamakhule, pamafunika kudula chitsulo cha galimoto, ndipo pamalo amenewo chitsulocho chili pawiri, chakunja ndi chamkati. Mukadula, ziwirizo ziyenera kuwotchereredwa pamodzi, kupakidwa seam sealer (phala lotsekera mipata ya polumikizira zitsulo) ndi mankhwala oteteza dzimbiri. Mukangosiya poyasama, matope a mvula ya Januwale adzalowa mkati ndipo dzimbiri lidzadya mwakachetechete kuseri kwa kit yokongolayo. Ngati simunawotcherepo chitsulo chopyapyala, pitani nayo kwa mmisiri wodziwa.

Bwezerani mawilo, tsitsani galimoto, ndipo mupotoze chiwongolero mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Galimoto ya drift imakhala nthawi yaitali mawilo atapotoka kwambiri, choncho tayala likamakhudza bampala galimoto ili chiimire, pabwalo lidzaithothola. Onaninso kuti pakamwa pa bampala pakulowetsa mpweya wokwanira ku radiator, poti kutentha kwa mu Okutobala sikukhululukira injini yomwe ikulira mwamphamvu koma galimoto ikuyenda cham'mbali. Ngati idzayendanso mumsewu, ganizirani mahampu ndi zigwembe za m'makomboni athu musanaitsitse kwambiri.

Zonse zikakhala m'malo, chotsani zidutswazo, muziyanike padzuwa masiku angapo kuti timabowo tobisika mu fibreglass tionekere. Tsekani timabowoto ndi filler, salazani ndi sandipepa ya 180 kenako ya 320, pakani primer, ndipo mumalize ndi ya 600 musanapopere penti. Pa polyurethane muuzeni wopentayo kuti awonjezere mankhwala othandiza penti kupindika, apo ayi idzang'aluka. Mukasintha mtundu wa galimoto yonse, kadziwitseni a RTSA (bungwe la boma loona za magalimoto ndi chitetezo cha pamsewu) kuti zikalata zigwirizane ndi galimotoyo, ndipo nyali, ma indicator ndi nambala zikhale zooneka bwino monga kale.

Pomanga komaliza, ikani mawashala a labala pansi pa mabawuti ndipo musalimbitse mopitirira, chifukwa fibreglass imang'ambikira pabowo. Mukabwera kuchokera pabwalo tsiku loyamba, gwirani bawuti iliyonse muone yomwe yakhwefuka.