Momwe mungamvere maganizo a anthu musanamange holo yatsopano ya mzinda

Tinene kuti khonsolo ya Mzuzu yaganiza zomanga maofesi atsopano pamodzi ndi holo yake, ndiye inuyo ndinu khansala kaya muli mukomiti ya chitukuko ya wodi, mwatumidwa kuti mukamve zomwe anthu akufuna. Zija zoitanira kagulu ku hotela, fanta, alawansi, kenako nkulemba mu lipoti kuti anthu avomera, izo zisiyeni. Pa kalembera wa 2018 mzinda uno unali ndi anthu oposa 220,000, sangakwane mu chipinda chimodzi.

Choyamba funsani pulani isanathe kujambulidwa. Mukabwera nayo yothaitha anthu azingogwedeza mutu poti chosintha palibe. Muwauzenso poyera zomwe zatsekedwa kale, monga malo ndi ndalama, kuti asataye malovu pa zosatheka.

Kenako gawanani madera, ena ku Mchengautuwa, ena ku Chibavi, Zolozolo, Masasa, Chiputula mpaka ku Luwinga. Uthenga udzere mwa ma block leader, m'matchalitchi ndi m'mizikiti, m'magulupu a WhatsApp, komanso pa wailesi ngati Voice of Livingstonia ndi Radio Tigabane. Koma mayi wa ku msika wa Zigwagwa sangasiye tomato pa benchi 9 koloko m'mawa chifukwa cha msonkhano wanu, mutsatireni komweko, akabaza nawo muwapeze pa siteji. Chizungu chichepe, pakhale wina woyankhula Chitumbuka bwinobwino.

Tsopano apa ndi pomwe ambiri amaphonya. Pulani ya papepala ija ambirife timangoona mizere basi, sititolapo kanthu. Ndiye tengani anthu pamalo penipenipo, khomani zikhomo, kokani chingwe, thirani laimu pansi nkumawauza kuti apa ndi khomo, apa ndi polipira misonkho, uku ndi kuzimbudzi, ayendemo okha ayerekeze kuti abwera ndi mwana kumsana. Funso lisakhale loti "mukufuna chani", pamenepo mumva za misewu ndi zinyalala mpaka dzuwa kulowa. Funsani kuti mukabwera kudzadula layisensi ya bizinesi mumadikirira pati, mvula ikakupezani pa mzere mumathawira kuti. Mvula ya kuno mukuidziwa, ndi kuzizira kwa mu June kuja, khonde lalikulu ndi mabenchi si zokongoletsera ayi. Aulumali musawayankhulire, abwere okha, wa pa njinga yake anene ngati chitundacho angakwere, wosaona anenenso zake.

Amayi ndi achinyamata akhale ndi bwalo lawolawo kaye, chifukwa akuluakulu akangoyamba kuyankhula enawo amangoti "zomwezo". Olemba akhale awiri, ndipo ikaniponso katoni yoponyamo timapepala ya amanyazi.

Mukasonkhanitsa zonse, mupereke kwa ojambula pulani aja, koma pakatha masabata angapo mubwererenso kumadera konse munapita. Matani pa bolodi la khonsolo ndi pa msika kuti ichi tatenga, ichi takana chifukwa chakuti. Pajatu lamulo la Access to Information la 2017 limalola munthu wamba kupempha zikalata za boma, ndiye ma minitsi a misonkhanoyo musunge bwino mufayilo, winawake wa ku Katawa adzawafuna tsiku lomwe njerwa zidzayambe kutsika pamalopo.