Momwe mungajambulire nyanja ndi mapiri ku Salima ndi Nkhotakota nyengo ikamasinthasintha

Yambani ndi kusankha mwezi. Kuchokera mu Meyi mpaka Ogasiti kumawomba mwera, ndipo nyanja imene inali bata kum'bandakucha imatha kuwinduka dzuwa lisanafike pamutu. Mu Seputembala ndi Okutobala mumlengalenga mumadzaza utsi wa moto wolusa, moti mapiri akutali amangooneka mbuu. Ine ndimakonda Epulo, pamene mvula yatsuka mlengalenga, mapiri akadali obiriwira, koma mitambo ikuluikulu isanatheretu.

Kenako kumbukirani kuti gombe lathu linayang'ana kummawa. Ku Senga Bay, pafupifupi makilomita 20 kuchokera m'tauni ya Salima, dzuwa limatulukira pamadzi, choncho fikani pamchenga cha m'ma 5 koloko, asodzi a usipa akubwerera kumtunda. Ikani chilumba cha Namalenje chakumbali kwa chithunzi, bwato likhale patsogolo. Msodzi musamujambule musanamupatse moni ndi kupempha chilolezo. Wakabaza wodzakutengani usikuusiku mugwirizane naye mtengo dzulo lake, chifukwa mukakambirana mumdima mtengowo umakwera.

Gawo lofunika kulisamala kwambiri ndi la kuteteza kamera. Mwera ukakula, mafunde amamwaza timadontho tamadzi, ndipo mphepo yomweyo imanyamula mchenga wosalala umene maso sauona. Tsiku lina mchenga wotere unandilowera mu lenzi, ndipo poizungulitsa inayamba kulira ngati mphero yopanda chimanga, mpaka inakakonzedwa ku Lilongwe pa ndalama zambiri. Musanatsikire kugombe, valikani kamera jumbo yoyera, muboole pamene pali galasi, ndipo mumange m'mphepete mwake ndi mphira. Kutsogolo kwa lenzi ikaniko kagalasi koteteza kotchedwa filita ya UV, kuti chokalika chikhale filitayo. Musasinthe lenzi muli pamchenga. Lowani m'galimoto kapena m'nyumba, ndipo ngati palibe kothawira, fulatirani mphepo, kamera iyang'ane pansi. Galasi likanyowa musalipukute ndi malaya, chifukwa kamchenga kamodzi kokha kamasiya mzere umene sudzachoka. Yambani mwaliuzira ndi kapampu ka mphira, kenako mupukute ndi kansalu kake kofewa, kuyambira pakati kupita m'mbali. Mukachoka m'chipinda chozizira kupita kunja kofunda, galasi limachita nthunzi, choncho isiyeni kamera m'chikwama chotseka kwa kanthawi. Timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato zatsopano timathandiza, ndipo ogulitsa nsapato ambiri amangotitaya.

Ndichenjezenso za memori khadi. Ena ogulitsa m'mbali mwa msewu ali ndi makhadi otchipa olembedwa 64GB, koma mkati mwake malo ndi ochepa, ndipo zithunzi zimayamba kuwonongeka khadi likadzaza. Gulani m'sitolo yopereka lisiti, ndipo muliyese kunyumba polidzaza ndi mafayilo musananyamuke.

Pojambula penipeni, dziwani kuti madzi onyezimira amasokoneza kamera. Chepetsani kuwala pang'ono kuti mitambo isayere mopitirira, ndipo jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo wosunga zonse zimene kamera yaona, ngati kamera yanu ikutha. Mvula ikayamba musabwerere kogona, koma bisalani pakhonde lapafupi, popeza ikangokata dzuwa limaboola mitambo yakuda n'kuwalitsa mapiri a Senga kwa mphindi zochepa chabe. Kukamachita ziphaliwali chokani pamadzi ndi pamwamba pa phiri. Mukaona chinthu chonga utsi chikukwera pakati pa nyanja, zimenezo ndi nkhungu, tizilombo touluka tochokera m'madzi, ndipo zimajambulika bwino ndi lenzi yokoka zakutali.

Pomaliza, tsatani msewu wa M5 kulowera kumpoto mpaka ku Nkhotakota, mtunda wopitirira makilomita 100, ndipo panjira muime pa dziwe la Chia madzulo, pamene dzuwa likulowera chakumapiri. Nkhalango ya Nkhotakota, ya masikweya kilomita pafupifupi 1,800, yakhala ikuyendetsedwa ndi bungwe la African Parks kuyambira 2015, ndipo ndi kumene kuli phiri la Chipata ndi mtsinje wa Bua. Pachipata mumalipira, ndipo poyenda wapansi mukhale ndi wokuperekezani chifukwa muli njovu zambiri. Mabatire muziwatchaja nthawi iliyonse imene magetsi alipo.