Asilikali osamutsidwa ku America: msonkho wa state musaupereke kwa osayenera

Abale anga amene munalowa usilikali kuno ndi green card, tcherani khutu. Akakusamutsani pa PCS (kutumizidwa kukakhala kumalo ena a ntchito), ndalama ya DLA (yothandizira kusamuka nyumba), ya mtunda wa galimoto ndi per diem (ya chakudya ndi malo ogona paulendo) sizidulidwa msonkho. Chodulidwa ndi phindu la PPM, ndiko kuti ndalama yotsala pa imene boma lakupatsani mukanyamula nokha katundu. Pa phindulo boma la federal limatapa 22 peresenti, ndipo W-2 yake (pepala loonetsa zimene mwalandira ndi msonkho umene wadulidwa) imabwera payokha pa myPay, webusaiti ya malipiro a asilikali. Sungani malisiti ndi ma weight ticket (mapepala a pasikelo) onse awiri, a galimoto yopanda kanthu ndi yodzaza.

Nkhani yaikulu ili pa state. Lamulo loteteza asilikali lotchedwa SCRA limati malipiro a usilikali amakhomedwa msonkho ku state imene ili kwanu mwalamulo, osati kumene akutumizani. Onani pa LES yanu, pepala la malipiro anu a pamwezi, kuti palembedwa state iti. Ngati ndi yolakwika, DD Form 2058 ndiyo yokonzera.

Ine ndinapusa. Kwathu mwalamulo ndi Texas, kumene kulibe msonkho wa state pa malipiro. Atandisamutsira ku Virginia, ndinapita kwa bambo wina wolemba misonkho, kaofesi kake koyandikana ndi kochapira zovala, mbendera ili pakhomo, iye akuti asilikali amawadziwa bwino. Anangoyang'ana adiresi ya nyumba yanga ya lendi n'kundilemba kuti ndine wa ku Virginia. DLA anaiphatikiza ku malipiro. Za W-2 yachiwiri sanafunse n'komwe, inenso osadziwa kuti ilipo.

Ndinalipira msonkho wosandikhudza. Kenako kunabwera kalata ya IRS, bungwe la msonkho la federal, yofuna msonkho wa phindu la PPM lomwe silinalembedwe. Nditabwerera, bamboyo anati kukonza ndi ntchito yatsopano, ndilipirenso. Mpaka pano ndikadutsa pamenepo mtima umandiwawa.

Ndiye inu, musamangosaina chifukwa munthu wavala tayi! Mufunseni za SCRA. Akayamba kukanda m'mutu, tengani mapepala anu muzipita.

Musathamangirenso kulemba Texas kapena Florida pa fomu pamene simunakhaleko. State yanu yakale ikafufuza laisensi ndi kumene mumavotera kapena kulembetsa galimoto, mudzalira. Akazi kapena amuna anu, kuyambira 2018, atha kusankha state imene ili kwanu mwalamulo kuti ikhalenso yawo pa msonkho. Zimene mwawononga posamuka koma sanakubwezereni zimalowa pa Form 3903 ya IRS, kuti zichotsedwe pa ndalama zokhomedwa msonkho.

MilTax, pulogalamu ya Military OneSource yothandiza asilikali kulemba misonkho, ndi yaulere. Ine ndinaidziwa ndalama zitapita kale.