Kupatsa Moto Kamera ndi Alamu ya Galimoto Yoimikidwa Popanda Kupha Batire

Munthu amene wapeza galimoto yake m'mawa itakalidwa ndi msomali kuyambira pa chitseko cha dalaivala mpaka kumbuyo, kapena galasi la m'mbali litazulidwa, kawirikawiri amathamangira kugula kamera yomata pagalasi lakutsogolo ija ambiri amaitcha dashcam. Pakapita masiku ochepa amazindikira kuti kamerayo imajambula pokhapokha kiyi ali pamalo pake. M'magalimoto ambiri ochokera ku Japan, monga Vitz, Demio, Passo ndi Sienta, soketi yoyatsira ndudu imazima mukangozula kiyi, kotero nthawi imene wowononga amabwera ndi yomweyo imene kamera imakhala itagona. Kuti ikhale maso usiku wonse iyenera kupeza moto kwina, ndipo motowo uyenera kutengedwa mwa njira yoti galimoto idzalirebe kukacha.

Musanagule waya uliwonse, yambani ndi masamu, chifukwa ambiri amene amadzuka n'kupeza galimoto yakana kulira anadumpha gawo limeneli. Kamera ya maso awiri, lakutsogolo ndi lakumbuyo, imadya pafupifupi mawati 4 ikamajambula galimoto itaima, ndipo pa batire la 12V zimenezi zikutanthauza pafupifupi 0.33A. Ikayaka maola 10 a usiku yadya 3.3Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga), ndipo ikayaka kuyambira Lachisanu madzulo mpaka Lamlungu madzulo yadya 16Ah. Batire la NS40 limene lili m'magalimoto ang'onoang'ono ambiri limasunga pafupifupi 35Ah likakhala latsopano, ndipo likakalamba limasunga zocheperapo ndithu. Ndiye kuti masiku awiri okha akwana kulifikitsa pa theka, pamene batire loyatsira injini silinapangidwe kuti lizitsitsidwa kwambiri chotero mobwerezabwereza. Likamatero limafooka msanga, ndipo mphamvu imene yataya sibwereranso.

Chimene chimapusitsa ambiri n'chakuti usiku umodzi suonetsa vuto lililonse. Vuto limabwera ngati ngongole yochuluka pang'onopang'ono. Munthu amene amayenda mphindi 15 zokha kuchokera ku Chilomoni kupita ku ntchito m'tauni ya Blantyre, wailesi ikulira ndi fani ikuzungulira, nthawi zambiri sabwezera m'batire zonse zimene kamera inadya usiku, ndipo masana kamerayo imadyanso galimoto ili pamalo oimikapo ku ntchito. Lolemba galimoto ilira bwino, Lachitatu injini itembenuka mwaulesi, ndipo tsiku lina m'mawa mungomva kuti “kete kete”. Ngati ndi ya otomatiki, ngakhale anyamata a m'dera atabwera asanu sangaikankhe kuti ilire.

Choncho bwerekani kapena gulani multimeter, chipangizo choyezera moto wa magetsi, muiike pa 20V ya DC, ndipo muyeze batire m'mawa musanalize injini. Batire lodzaza limaonetsa 12.6V kapena kupitirira pang'ono, 12.4V ndiye kuti latsala ndi magawo atatu mwa anayi, 12.2V lili pa theka, ndipo 12.0V latsika kwambiri. Kenako lizani injini muyezenso: alternator, chipangizo chimene chimatchaja batire injini ikamalira, ikakhala yabwino imakweza nambalayo kufika pakati pa 13.8V ndi 14.4V. Ngati batire lanu limadzuka lili pa 12.2V kamera isanaikidwe n'komwe, yambani mwakonza vuto limenelo, pakuti kuwonjezera katundu pa batire lotopa kale n'kungofulumiza imfa yake.

Njira yoyamba yopatsira kamera moto, yomwenso ndi yotsika mtengo, ndiyo kulumikiza kamera ku bokosi la mafyuzi pogwiritsa ntchito chingwe chotchedwa hardwire kit. Chingwechi chili ndi mawaya atatu: wina umapita ku fyuzi yokhala ndi moto nthawi zonse, wina ku fyuzi ya ACC imene imayaka kiyi akapotozedwa, ndipo wakuda ndi wa ethi, womangirira ku chitsulo cha galimoto. Waya wa ACC ndi umene umauza kamera kuti injini yazimitsidwa ndipo ilowe mu parking mode, kajambulidwe ka nthawi imene galimoto yaimikidwa. Musadalire mtundu wa waya, chifukwa makampani ena waya wachikasu ndi wa moto wa nthawi zonse pamene ena ndi wofiira. Werengani timapepala tomatidwa pa mawayawo. Chofunika kuposa zonse pa chingwechi ndi kabokosi kamene kamadula moto batire likatsika kufika pa mlingo umene mwasankha. Zingwe zambiri zimakupatsani 11.8V, 12.0V, 12.2V ndi 12.4V. Ine ndimati 11.8V muiiwale ngati kuti palibepo. Pa batire latsopano lokulirapo sankhani 12.2V, ndipo pa NS40 kapena batire lomwe latha zaka ziwiri sankhani 12.4V, ngakhale kuti kamera izizima msanga. Chingwe chimene chilibe chodulira chimenechi musachigule, ngakhale wogulitsa atatsitsa mtengo motani.

Bokosi la mafyuzi la m'kati limapezeka kunsi kwa dashibodi pafupi ndi bondo la dalaivala, kapena kuseri kwa kabokosi koikamo mapepala. Kiyi ali m'thumba, gwirani mutu wa fyuzi iliyonse ndi choyezera moto. Imene ikuonetsa moto, monga ya nyali ya m'denga kapena ya maloko a zitseko, ndiyo ya nthawi zonse. Ya wailesi kapena ya soketi ya ndudu ndiyo yabwino pa ACC. Mafyuzi a airbag, a ABS ndi a kompyuta ya injini musawakhudze. Mukapeza awiriwo, masulani waya wa (-) pa batire musanayambe kulumikiza.

Pano pali chizolowezi chimene ndachionapo kangapo ndipo n'choopsa: wamagetsi amasenda waya ndi mano, n'kuukulunga pa mwendo wa fyuzi, n'kuibwezera mokakamiza. Waya wotere umakulitsa bowo la fyuzi, umagwedera pa mabampu, ndipo ukakhala mbali yolakwika ulibe chitetezo chilichonse ukagundana ndi chitsulo. Choyenera ndi kachipangizo kotchedwa fuse tap, kamene kamalowa m'malo mwa fyuzi ndipo kali ndi mipata iwiri: m'munsi mumabwezera fyuzi yoyamba ija, pamwamba mumaika yatsopano yaing'ono ya 3A kapena 5A ya kamera. Mafyuzi ali ndi masayizi osiyana, ndipo Toyota zambiri zimagwiritsa ntchito afupiafupi aja otchedwa low-profile mini, choncho zulani imodzi mupite nayo ku sitolo. Waya wa ethi umangirireni pa bawuti yolowa m'chitsulo cha galimoto, pamalo opanda penti. Podutsitsa chingwe m'mphepete mwa galasi lakutsogolo, ngati pa chipilalapo palembedwa kuti SRS, chingwe chidutse kuseri kwa airbag, osati kutsogolo kwake. Eni ake a Aqua, Prius ndi Fit ya hybrid adziwe kuti batire lawo la 12V ndi laling'ono, ndipo mawaya a mtundu wa lalanje ndi a moto waukulu umene ungaphe munthu.

Njira yachiwiri imadula, koma ndiyo imachotsa nkhawa yonse: batire lapadera la kamera, la mtundu wa LiFePO4, limene limabisidwa pansi pa mpando. Limatchajidwa injini ikamalira, ndipo ikazima kamera imadya kwa ilo, batire la galimoto osakhudzidwa. La 76.8Wh, lomwe ndi sayizi yofala, lingayendetse kamera ya mawati 4 kwa maola pafupifupi 19, ndipo likalumikizidwa ku bokosi la mafyuzi limadzaza m'nthawi yosakwana ola limodzi. Ena amayesa kuzemba mtengowu poika power bank ya foni pa dashibodi. M'galimoto yotsekedwa padzuwa la Okutobala kutentha kumatha kupitirira madigiri 60, makamaka ku Chikwawa, Nsanje ndi m'mphepete mwa nyanja, ndipo mabatire a lithium-ion a m'zipangizo zimenezi amatupa kapena kuyaka kumene. Pa chifukwa chomwechi, posankha kamera funani yokhala ndi supercapacitor, kachipangizo kosunga moto kopirira kutentha, m'malo mwa kabatire m'kati mwake.

Mmene kamera ikujambulira kumasinthanso kuchuluka kwa moto umene ikudya. Makamera ena amagona tulo n'kudzuka pokhapokha galimoto ikagundidwa, ndipo amadya pang'ono kwambiri. Koma msomali wokala penti sugwedeza galimoto mokwanira kuidzutsa, ndipo ikadzuka pa kuphwanyidwa kwa galasi imakhala itachedwa ndi masekondi angapo. Yojambula ikaona chinthu chikuyenda imathandiza m'mpanda wa panyumba, koma pamsewu wa anthu ambiri imangojambula kosalekeza. Kwa munthu amene akufuna kugwira wokala penti, time-lapse ndiyo yabwino, chifukwa imatenga chithunzi chimodzi kapena ziwiri pa sekondi popanda kulumpha ndipo siidzaza memori kadi msanga. Kadiyo ikhale yolembedwa kuti high endurance. Dziwaninso kuti diso lakutsogolo ndi lakumbuyo siliona zitseko, ndiponso kuti mumdima wandiweyani mudzangopeza chithunzithunzi chakuda, choncho imikani galimoto moyang'ana kumene munthu angadzere, ndipo pakhomo ikani nyali ya sola yoyaka yokha munthu akamadutsa, imene siidalira magetsi a m'nyumba.

Kamera imangosunga umboni, siikudzutsani. Chokudzutsani ndi alamu kapena GPS tracker yokhala ndi SIM kadi, imene imatumiza uthenga pa foni galimoto ikagwedezeka, chitseko chikatsegulidwa kapena moto ukadulidwa. Tracker imadya pang'ono poyerekeza ndi kamera, kotero ilumikizeni payokha ku moto wa nthawi zonse ndi fyuzi yakeyake, isadzere pa chodulira cha kamera chija, kuti kamera ikazima pa 12.4V iyo ikhalebe maso. Sankhani yokhala ndi kabatire kake m'kati, pakuti akuba ambiri amafuna batire lenilenilo la galimoto, ndipo akangomasula waya zonse zimazima kupatula chipangizo chokhala ndi moto wakewake. SIM kadiyo, kaya ya TNM kapena ya Airtel, ikhale ya netiweki imene imagwira bwino pamalo pamene galimoto imagona, ikhale yolembetsedwa, ndipo muziikamo mayunitsi kuti isatsekedwe muli osadziwa. Alamu ya sayirini muichepetse kumva mpaka isiye kulira ndi bingu kapena lole yodutsa, chifukwa yolira usiku uliwonse imatopetsa batire, ndipo mlonda ndi anansi amasiya kuitulukira.

Ngati mukusiya galimoto sabata yathunthu, mwachitsanzo pa bwalo la ndege la Kamuzu popita ku Johannesburg, palibe batire la galimoto limene lingapirire kamera masiku onsewo. Zimitsani kamera, musiye tracker yokha. Pakhomo, kasola ka mawati 10 kapena 20 kolumikizidwa kudzera mu charge controller, kachipangizo kolamulira moto wolowa m'batire, kangabwezere zimene kamera yadya usiku, bola kakhale padenga la shedi osati pa dashibodi, pamene galasi limachepetsa mphamvu ya dzuwa ndipo kasolako kamakopa wakuba.

Mukamaliza zonse, zulani kiyi muone ngati kamera yalowa mu parking mode, gwedezani galimoto mudikire uthenga pa foni, ndipo sabata yoyamba muziyeza batire m'mawa uliwonse n'kulemba nambala yake. Ikamatsika tsiku ndi tsiku, kwezani mlingo wa chodulira kapena chepetsani maola ojambula. Tsiku limene mwapeza galimoto yawonongedwa, zulani memori kadi musanalize injini, chifukwa kamera imafufuta zakale polemba zatsopano, ndipo koperani kanemayo pa kompyuta kapena pa foni musanapite naye ku polisi ndi ku kampani ya inshuwalansi.