Musanalowe ndi Mfuti M'munda wa Eni

Mlimi akakana kuti mlendo alowe ndi mfuti m'munda mwake, sikuti akumvera chisoni akalulu amene akumudyera tirigu. Amadana nawo kuposa inu. Chimene akuopa ndi ng'ombe yake kulasidwa, chipata kusiyidwa chotsegula, akuba obwera ngati alenje kudzaona pamene pamakhala thirakitala ndi dizilo, ndiponso mlandu umene ungamugwere chipolopolo chikakagwera pa denga la mnzake wa tsidya la mpanda. Ntchito ya wopempha chilolezo ndi kuchotsa mantha amenewa. Zoti inu simuphonya mukalozetsa mfuti, mlimi alibe nazo ntchito pa tsiku loyamba.

Malamulo amene ali m'malangizowa ndi a ku Britain, kumene pafupifupi kulikonse kosakako nyama kuli ndi mwini wake. Gawo 20 la Firearms Act ya 1968 limati kulowa pamalo a munthu uli ndi mfuti, popanda chilolezo kapena chifukwa chomveka, ndi mlandu umene ungakutsekeretse m'ndende mpaka miyezi itatu, kapena kukulipiritsa chindapusa, kapena zonse ziwiri. Mfutiyo kaya ilibe chipolopolo, mlandu ulipobe. Ambiri amapusitsika ndi mfuti yampweya. Ku England ndi ku Wales mfuti yampweya yaitali yosapitirira mphamvu ya 12 ft-lb (muyeso wa mphamvu imene chipolopolo chimatulukira) siifuna chiphaso cha apolisi, ndiye ena amaiyesa chidole. Pa nkhani yolowa pamalo a eni, lamulo limaiwerenga ngati mfuti ina iliyonse. Ku Scotland ndiye ngakhale kungokhala nayo kumafuna chiphaso kuyambira pa 31 December 2016.

Choyamba n'kudziwa amene ali ndi mphamvu zokulolani, ndipo apa m'pamene ambiri amagwa m'mbuna. Munthu amene mwamupeza akukama ng'ombe mwina si mwini malowo. Mwina amangochita lendi. Mwini malo angathe kubwereketsa munda kwa mlimi koma n'kudzisungira yekha ufulu wosaka, kapenanso kubwereketsa ufulu umenewo kwa kagulu ka anthu olipira chaka ndi chaka kuti aziwomberamo mbalame za pheasant. Munda umodzi, eni atatu. Mlimi angakuuzeni ndi mtima wonse kuti "pitani, kaombereni," inu n'kukakumana pakati pa thengo ndi woyang'anira nyama wa kagulu kaja, amene sanamvepo dzina lanu. Safunsa anadya phula. Funsani mwaulemu koma mosapita m'mbali: kodi ufulu wosaka pamalo pano uli m'manja mwa ndani, ndipo pali wina amene amasakapo kale?

Pa akalulu lamulo limamukomera mlimi wa lendi. Ground Game Act ya 1880 inam'patsa ufulu wopha akalulu pamalo amene akulima, ufulu umene mwini malo sangamulande. Koma mfuti angagwiritse ntchito iye mwini ndi munthu wina mmodzi yekha, amene wamulembera kalata, ndipo munthuyo ayenera kukhala wa m'banja lake, wantchito wake, kapena wolembedwa ganyu yeniyeni ya ntchitoyo. Kalatayo iyenera kuonetsedwa kwa wina aliyense wokhala ndi ufulu wosaka pamalopo akaifunsa.

Nanga mungamufike bwanji mlimi? Pitani nokha pamaso, mfuti mutaisiya kunyumba, mutavala zovala wamba. Zovala zamawangamawanga za m'thengo zimaopseza munthu pakhomo pake. Kalata ndi uthenga wa pa foni n'zosavuta kuziiwala, pamene nkhope imakumbukika. Sankhaninso nthawi. Nkhosa zikamaswa kapena makina akamakolola, mlimi amagona maola ochepa, ndipo aliyense womuimitsa pa ntchito ndi mdani. Mukaona kuti watanganidwa, perekani moni, siyani kakhadi kokhala ndi dzina ndi nambala yanu, muzipita.

Chimene chimatsegula pakamwa pa mlimi ndi kuona kuti mwayang'ana munda wake ndi maso a mlimi. Muli pamsewu kapena pa njira ya anthu onse, onani pamene pawonongeka. M'mphepete mwa munda wa tirigu, pafupi ndi mpanda wa zitsamba, mbewu zimakhala zometeka mpaka pansi, timiulu ta ndowe zozungulira tili mbwee, mauna ali m'tsinde mwa mpandawo: amenewo ndi akalulu. M'nyengo yachisanu njiwa zakutchire zimatera mazanamazana pa repu wofinya mafuta, n'kusiya masamba ong'ambika ndi timitengo tokhatokha. Pa khola pamakhala makoswe pansi pa mulu wa chakudya cha ziweto. Munthu wofika n'kunena kuti, "Bambo, ndaona njiwa zachuluka pa repu wanu wa kumunsi kuja, ndingakuthandizeni Loweruka lino ngati mungandilole," wabwera ndi thandizo. Wongoti "ndikufuna malo owomberako" wabwera ndi vuto lake. Kumbukiraninso kuti ku England ndi ku Wales, Pests Act ya 1954 imaika udindo wochepetsa akalulu pa amene akugwiritsa ntchito malowo, choncho mukumuchotsera katundu amene lamulo linam'senzetsa.

Yambani ndi zazing'ono. Makoswe a pa khola, mfuti yampweya, tsiku limodzi loyesera. Ine ndimaona kuti wopempha nkhandwe kapena agwape pa ulendo woyamba amangodzitsekera khomo. Njira ina yodziwikira ndi kukathandiza kuvumbulutsa mbalame pa masiku owombera pheasant, amene nyengo yake ku England, Wales ndi Scotland imayamba pa 1 October n'kutha pa 1 February. Mumayenda m'matope tsiku lonse mutanyamula ndodo, koma alimi ndi oyang'anira nyama onse a m'deralo amakuonani khalidwe lanu. Mukakanidwa, thokozani ndipo musakangane. Amene akusaka pamenepo lero angasamuke chaka chamawa.

Tengani umboni wa inshuwaransi. Lamulo silikakamiza, koma alimi ambiri sangakuloleni popanda iyo. Mabungwe a alenje monga BASC amaphatikiza inshuwaransi pa umembala wawo, ndipo ya BASC imafika pa mapaundi 10 miliyoni ngati mwavulaza munthu kapena kuwononga katundu wa wina.

Mlimi akavomera, pemphani kuti zilembedwe, ngakhale iye atanena kuti mawu ake ndi okwanira. Mawu ake ndi okwaniradi pakati pa inu awiri, koma wapolisi amene waitanidwa usiku ndi munthu woyenda ndi galu, atakuonani ndi mfuti kuseri kwa mpanda, sadziwa zimene munakambirana pa khola. Konzani nokha kalatayo kuti mlimi angosaina. Ikhale ndi dzina lanu ndi lake, dzina la famu, tsiku, nambala yake ya foni, nyama ndi mbalame zimene mwaloledwa kupha, mtundu wa mfuti, ngati mungabwere usiku, ngati mungalowe ndi galimoto kapena galu, ndiponso ngati mungabwere ndi mnzanu. Kuseri kwake matanipo mapu, malire mutawazunguliza ndi cholembera chofiira. Kalata imodzi isiyeni kwa mlimi, ina muziyenda nayo m'thumba mutaikulunga mu pulasitiki. Idzakuthandizaninso mukamafunsira chiphaso cha mfuti yaikulu, chifukwa apolisi amafuna chifukwa chomveka chokhalira nayo, ndipo malo amene mwaloledwa kusakapo ndi umboni umene amayang'ana.

Mapu okha sakwanira. Pemphani kuti muyende naye malirewo wapansi, masana, musanawombere ngakhale kamodzi. Akusonyezeni pamene padutsa njira za anthu, kumene kuli nyumba zobisika ndi mitengo, madambo amene mumakhala ziweto, mapaipi a madzi, ndi munda wa mnzake amene sagwirizana naye. Poyendapo muziona malo amene kumbuyo kwa chimene mukulozetsa kuli mtunda wa dothi woti chipolopolo chikathere m'menemo. Mpanda wa zitsamba sutchinga kanthu, ndipo chipolopolo cha mfuti ya .22, ngakhale ndi chaching'ono, chimatha kuuluka kupitirira kilomita imodzi ndi theka. Kachipolopolo ka mfuti yampweya kakadumpha malire n'kukagwera kwa munthu amene sanakuloleni, umenewonso ndi mlandu. Pafupi ndi msewu, Highways Act ya 1980 imaletsa ku England ndi ku Wales kuwombera mkati mwa mafiti 50, pafupifupi mamita 15, kuchokera pakati pa msewu wa magalimoto, ngati kutero kwavulaza, kwasokoneza kapena kwaika pa ngozi wodutsa. Nyama yovulala ikathawira kutsidya la malire musaitsatire ndi mfuti. Kapempheni kaye kwa mwini kumeneko.

Chilolezo cha mlimi sichisintha lamulo loteteza mbalame. Wildlife and Countryside Act ya 1981 imateteza mbalame zakutchire, ndipo njiwa ndi akhwangwala amaphedwa pansi pa malaisensi apadera a boma. Ku England, ya GL42 imalola kupha mitundu ina pofuna kupewa kuwonongeka kwakukulu kwa mbewu ndi ziweto. Simuifunsira, koma muyenera kutsata zonse zolembedwamo, ndipo imagwira ntchito kwa mwini malo, wokhalapo, kapena amene iwo amuloleza. Malaisensiwa amasintha. Mu April 2019 bungwe la boma la Natural England linathetsa atatu mwadzidzidzi gulu loteteza nyama zakutchire la Wild Justice litawatsutsa kukhoti, ndipo alenje ambiri anadzidzimuka. Werengani laisensi imene ikugwira ntchito m'chaka chimene mukupita kukasaka. Scotland ndi Wales ali ndi zawo.

Kusunga chilolezo n'kovuta kuposa kuchipeza. Tumizani uthenga nthawi iliyonse musanabwere, ndipo ngati ndi usiku, ambiri amadziwitsanso apolisi pa nambala ya 101. Chipata chisiyeni mmene mwachipezera: chotseka mutseke, chotsegula musachitseke, chifukwa mwina ng'ombe zimadutsira pamenepo kukamwa madzi. Tolani makoko a zipolopolo, ndipo musasiye nyama zakufa pabwalo. Mukaona nkhosa yagwa chagada, waya waduka, kapena galimoto yachilendo yaima pa nkhokwe ya dizilo, imbani foni nthawi yomweyo. Ndipo mlimi akakuitanani kuti njiwa zatera, pitani ngakhale kukugwa mvula, chifukwa akaitana kawiri osakuonani amaitana wina.

Famu ikagulitsidwa kapena wa lendi akasintha, kalata yanu yatha ntchito. Musabwerenso ndi mfuti mpaka mwini watsopano atasaina ina.